Mpingo ugule Montage yogwirapo ntchito kapena Montage M yatsopano m'malo mwa Motif XF?

Funso: Ndimayimba kiyibodi pa mpingo wina ku Lilongwe. Takhala ndi Yamaha Motif XF8 kwa zaka zambiri ndipo makiyi ena ayamba kuvuta. Mpingo wasonkha ndalama pa Pepa Sande, ndipo m'bale wathu wa ku Johannesburg akuti angatipezere Montage 8 yogwirapo kale ntchito kapena Montage M8x yatsopano, koma mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri. Kodi M8x ikusiyana pati ndi zam'mbuyozi? Nanga mawu ndi nyimbo zomwe tinasunga mu Motif zidzalowamo?

Yankho: Achimwene, ndalama ya Pepa Sande ndi thukuta la anthu, ndiye ndikuyankhani mosapsatira. Ngati ntchito yaikulu ya kiyibodiyo ndi kuperekeza kwaya ndi praise team Lamulungu lililonse, Montage 8 yosamalidwa bwino ikukwanirani, ndipo ndalama yotsalayo ipite ku masipika ndi ku chitetezo cha magetsi. M8x ndi chida chapamwamba kuposa zonse zomwe Yamaha inapangapo m'banja limeneli, izo sindikukana. Kungoti zambiri zomwe anawonjezeramo zimapindulira munthu wopanga mawu akeake ndi wojambula nyimbo mu situdiyo, ndipo pa guwa la mpingo zambiri mwa izo zidzangogona.

Motif yoyamba inatuluka mu 2001, kenako Motif ES mu 2003, XS mu 2007, ndi XF yanuyo mu 2010. Montage inabwera mu 2016 kudzalowa m'malo mwa banja lonse la Motif, ndipo Montage M inatuluka mu Okutobala 2023 m'misinkhu itatu: M6 ya makiyi 61, M7 ya makiyi 76 ndi M8x ya makiyi 88. Kusintha kwakukulu kunachitika pakati pa XF ndi Montage, pomwe kagwiridwe konse ka chida kanasinthiratu. Pakati pa Montage ndi M anawonjezera mphamvu n'kukonza zomwe oyimba ankadandaula nazo, koma kagwiridwe n'komweko. Ndiye kaya mugula iti mwa ziwirizo, phindu lalikulu mudzalipeza, ndipo chomwe mudzataye pochoka pa Motif mudzachitayanso chimodzimodzi.

Motif XF ili ndi injini imodzi ya mawu, yotchedwa AWM2, yomwe imaliza mawu ojambulidwa kuchokera ku zida zenizeni: piyano, malipenga, gitala, ng'oma. Mawu ojambulidwawa mu XF ndi okwana 741MB, mu Montage 5.67GB, mu M 10GB. Manambalawa akutanthauza kuti kiyi iliyonse inajambulidwa kambirimbiri, pogunda mofewa, pogunda pakatikati, pogunda mwamphamvu, moti chala chikasintha mphamvu kaliridwe kamasintha mosadumpha. Mudzamva izi makamaka pa piyano ya CFX, yomwe ili mu Montage ndi mu M. Komabe musadabwe ngati bandi yonse ikayamba mudzabwerere ku piyano yakale ya Motif ija ya Full Concert Grand. Ndi yowala, imaboola pakati pa ng'oma ndi besi, n'chifukwa chake oyimba nyimbo zauzimu ambiri sanaisiye. Yamaha inasunga ma Voice (mawu okonzedwa kale) a XF mkati mwa Montage, ndiye mudzaipeza.

Montage inabweretsa injini yachiwiri, FM-X, mdzukulu wa DX7, kiyibodi ya Yamaha ya mu 1983. Piyano yamagetsi yolira ngati timabelu, yomwe imamveka m'nyimbo zambiri zopembedza zodekha, inachokera ku DX7. Mu Motif mumangomva chojambulidwa chake, pomwe mu Montage mawuwo amapangidwa nthawi yomweyo, ndi ma operator (tizigawo topanga mawu) 8 m'malo mwa 6 a DX7, ndipo amamvera chala bwino kwambiri.

Koma chomwe chidzasinthe Lamulungu lanu ndi kasanjidwe. Pa Motif mumadziwa mmene zimakhalira: Voice kwake, Performance kwake ya zigawo 4 zokha, Song kwake, Pattern kwake, Master kwake, ndipo mukasintha mawu pakati pa nyimbo, omwe amalira aja amaduka mwadzidzidzi. Aliyense amene anayimbapo pansi pa pemphero la abusa amadziwa manyazi a kadukidwe kameneko. Pa Montage chilichonse ndi Performance, kutanthauza mawu osanjidwa pamodzi, ya zigawo mpaka 16. Mukasintha kuchoka pa Performance ina kupita pa ina, zonse zili za zigawo zosapitirira 8, mawu akale amapitiriza kulira mpaka mutachotsa zala, atsopano atayamba kale. Amachitcha Seamless Sound Switching. Palinso Live Set, tsamba la pa sikirini pomwe mumandandalika mawu 16 motsata pulogalamu ya mapemphero, n'kumangokhudza. Ndiye pali Super Knob, chopotokola chachikulu chowala chija, chomwe chimasuntha zinthu zambiri nthawi imodzi. Mukalumikiza pedulo ya FC7, phazi ndi lomwe limachiyendetsa. Tiyerekeze mwayamba ndi piyano yokha pamene wotsogolera akulankhula. Kwaya ikulowa, phazi likutsika pang'ono, ma strings akutulukira pansi pa piyano. Pofika pa kolasi yomaliza phazi latsika lonse, malipenga ndi limba zalowa, manja onse awiri asanachoke pa makiyi. Ntchito yomwe mipingo ina imagwira ndi makiyibodi awiri ndi anthu awiri imatheka ndi munthu mmodzi. Zonsezi zili mu Montage ya 2016. Simukufunika M kuti muzipeze.

Tsopano chomwe mudzataye, ndipo apa mvetserani bwino chifukwa ambiri amazindikira chida chitafika kale. Motif XF ndi situdiyo yathunthu m'bokosi limodzi. Ili ndi sequencer ya matiraki 16 momwe mungajambule nyimbo yonse, n'kulowa mkati kukakonza noti imodzi yomwe inalakwika. Ilinso ndi sampler, moti mungajambule mawu a kwaya kapena ng'oma ya chikopa n'kuwaika pa makiyi popanda kompyuta. Montage inatuluka yopanda sampler, ndipo m'malo mwa sequencer yathunthu inali ndi chojambulira chosavuta chongosungira zomwe mwayimba. Oyimba anadandaula kwambiri, ndipo mu 2019 Yamaha inawonjezera Pattern Sequencer kudzera mu OS 3.0 (OS ndi pulogalamu yoyendetsa chidacho). Inathandiza, koma kukonza noti imodziimodzi monga pa Motif kulibe. Maganizo a Yamaha ndi oti ntchito imeneyo muzikaigwira pa kompyuta ndi Cubase, pulogalamu yojambulira nyimbo, ndipo M inatsata njira yomweyo. Ngati pa mpingo panu pali munthu amene amapangira kwaya mabiti pa Motif, wopanda laputopu, kumulanda XF ndi kumudula manja. Mawu ojambulidwa kale a mtundu wa WAV mungawalowetse mu Montage kudzera pa fulashi, koma kudula ndi kukonza kwake kumachitikira kwina.

Ndinenenso ichi chifukwa m'makomiti mumakhala anthu ozolowera makiyibodi a Yamaha a PSR: palibe mwa zitatuzi yomwe ili ndi masitayilo odziyimbira okha ng'oma ndi besi mukagwira kodi ndi dzanja lamanzere, ngati a PSR kapena Genos, ndipo palibe yomwe ili ndi masipika ake. Muli ma arpeggio (timanyimbo todziliza tokha mukagwira kodi) zikwizikwi, opitirira 10,000 mu Montage, koma kagwiritsidwe kake ndi kena. Mpingo wopanda woyimba ng'oma ndi besi ungathandizike kwambiri ndi PSR-SX kusiyana ndi Montage iliyonse.

Tibwere kwa M. Chachikulu chomwe anawonjezera ndi injini yachitatu, AN-X, yotsanzira ma synthesizer akale a analog, mzere womwe Yamaha inauyamba ndi AN1x mu 1997. Imapereka ma pad (mawu otalika oyala pansi pa nyimbo) onenepa, besi yolemera ya synth ndi mawu akuthwa otsogolera nyimbo. Ndi yokoma zedi, ndipo kwa wopanga nyimbo zamakono ndi chifukwa chokwanira chogulira M. Kwa woyimba nyimbo za m'buku ndi makolasi, ma pad a mu AWM2 ndi FM-X alipo kale ochuluka kuposa omwe mungathe kuwayesa onse.

Wogulitsa adzakuuzani kuti M imaliza manoti 400 nthawi imodzi pomwe Montage imaliza 256 ndipo XF 128. Ndi zoona, koma funsani kagawidwe kake. Mu Montage, 128 ndi a AWM2 ndipo 128 ndi a FM-X. Mu M, 128 ndi a mawu a AWM2 obwera ndi chida, 128 ena ndi a mawu a AWM2 omwe mwalowetsa nokha, 128 ndi a FM-X, ndipo 16 ndi a AN-X. Kutanthauza kuti ngati mukusanjikiza piyano, ma strings ndi malipenga obwera ndi chida, malire anu akadali 128, chimodzimodzi ndi Montage yakale. Ndipo 128 sachedwa kutha. Kiyi imodzi simadya noti imodzi yokha; imadya molingana ndi tizigawo ta mawu tomwe tikulira pansi pake. Ngati kusanjikiza kwanu kukuliza tizigawo 6 pa kiyi iliyonse, zala khumi zadya 60, ndipo mukaponda pedulo ya sustain, yotalikitsa mawu, n'kulowa kodi yachiwiri mwafika 120. Pamenepo manoti oyamba amayamba kuzimitsidwa. Mankhwala ake ndi ofanana pa zida zonse ziwiri: tengani pad kapena piyano yamagetsi ku FM-X kuti mtolo ugawike, ndipo chotsani sustain pa zigawo zomwe siikufunika. Pochoka pa XF mudzapeza mpumulo ndithu, chifukwa pa Motif mawu a stereo amadya manoti awiri pomwe pa Montage amawerengedwa amodzi. Mu M anakwezanso tizigawo ta mawu amodzi kuchoka pa 8 kufika 128, ndi malo osungira mawu anuanu kuchoka pa 1.75GB kufika 3.7GB. Izi zimakondweretsa opanga mawu; woyimba wamba sadzafika n'komwe kumalire akalewo.

Makiyi ndi nkhani ina. XF8 ndi Montage 8 zili ndi makiyi a mtundu umodzi, Balanced Hammer, ndiye zala zanu sizidzaona chachilendo. M8x ili ndi makiyi atsopano otchedwa GEX, omwe amabwerera msanga mukabwereza noti, komanso ali ndi polyphonic aftertouch. Pa makiyibodi akale mukakanikiza kiyi imodzi mutaigunda kale, kodi yonse imasintha. Pa M8x imasintha noti yokhayo yomwe mwakanikiza, moti mungagwire kodi ya ma strings n'kukweza noti yapamwamba yokha. Ndi chinthu chokongola m'manja mwa munthu amene wachiphunzira. Dziwani kuti chili pa M8x yokha. M6 ndi M7 zili ndi makiyi opepuka a FSX ndi aftertouch wamba. M ilinso ndi sikirini yachiwiri yaing'ono pamwamba pa zopotokola, yoonetsa chomwe chilichonse chikusintha, ndipo imayankha msanga kuposa Montage mukamafufuza mawu. Limba nalo linakonzedwa: sipika yozungulira yotsanzira ya Leslie, yomwe amaitcha VCM Rotary Speaker, imamveka yamoyo kuposa ya mu Montage. Ngati mpingo wanu umadalira kwambiri kaliridwe ka limba la Hammond, apa ndi pomwe M ingakukopeni moyenera.

Chomwe ine ndimachiona chamtengo wapatali kwambiri mu M sichili pa chidacho n'komwe. Ndi pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa ESP, yomwe eni ake a M amapatsidwa. Ndi Montage M yomweyo mkati mwa laputopu: mungakonze mawu kunyumba, kujambula nawo mu Cubase, n'kuwatumiza ku kiyibodi ya kutchalitchi. Kwa mpingo womwe uli ndi situdiyo ndipo umatulutsa zimbale, chimenechi chimapulumutsa ntchito yonyamula chida cha makilogalamu 28 uku ndi uku. Tiwonjezerepo kuti zatsopano zomwe Yamaha ikutulutsa tsopano zikupita ku M, Montage yakale inaima pomwe inafika. Ngati muli ndi situdiyo, muli ndi wachinyamata wokonda kukhala pansi n'kumapanga mawu, ndipo masipika anu ndi abwino kale, gulani M8x ndi mtima umodzi. Itangotuluka, mitengo ya banja la M ku America inali kuyambira pafupifupi madola 3,500 pa M6 kufika pafupifupi 4,500 pa M8x, ndipo kufika nayo kuno pamawonjezereka mayendedwe ndi msonkho.

Pali njira yachitatu yomwe m'bale wanu sanaitchule, ndipo ndikufuna komiti iimve. MODX+, yomwe inatuluka mu 2022, ili ndi mawu omwewo a Montage, injini ziwiri zomwezo, Super Knob ndi Live Set, pa mtengo wotsika kwambiri. MODX8+ imalemera makilogalamu osakwana 14, pomwe XF8, Montage 8 ndi M8x zonse zili pa 28 kapena 29. Mpingo womwe umayenda m'misonkhano ya chitsitsimutso, m'maukwati ndi m'maliro umadziwa tanthauzo la kusiyana kumeneko. Chomwe mumalipira ndi thupi la pulasitiki, makiyi osafika pa a Montage, kusowa kwa aftertouch, adaputala ya magetsi yapadera yomwe imatha kutayika, ndi kusintha mawu mosaduka komwe kumalekera pa zigawo 4. MODX+ yatsopano yokhala ndi waranti, ngati ingapezekebe, nthawi zina ndi yanzeru kuposa Montage yomwe simukudziwa mbiri yake.

Za mawu ndi nyimbo zanu. Ma Voice omwe munakonza mu XF amalowa mu Montage ndi mu M. Sungani fayilo ya All (yosunga zonse) pa fulashi, ya mtundu wa X3A, ndipo ngati muli ndi mawu ojambula nokha kapena ogula omwe ali pa ma flash board mkati mwa XF, onetsetsani kuti mwasunga pamodzi ndi ma sample ake, apo ayi mudzapeza mayina okha opanda mawu. Kaliridwe kadzasintha pang'ono chifukwa ma effect ndi zotulutsira mawu n'zina. Nyimbo za mu Song ndi Pattern ndiye zovuta. Sizisamuka zonse monga zilili. Iliyonse muisunge ngati fayilo ya MIDI, yomwe imasunga manoti okha opanda mawu, kenako mukaikenso mawu a tiraki iliyonse pa chida chatsopanocho. Ngati nyimbozo ndi zambiri, njira yachidule ndi kuzijambula ngati WAV kuchokera pa Motif yomweyo n'kumaziliza pa fulashi.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti Motif musaigulitse. Makiyi akamalira mokweza mopitirira muyeso ngakhale mwagunda mofewa, kapena akangokhala chete, kawirikawiri vuto limakhala timalabala ta pansi pa makiyi, tomwe tadzaza fumbi kapena tatha. Katswiri wa zamagetsi wozolowera makiyibodi amatitsuka kapena kutisintha pa mtengo wochepa poyerekeza ndi chida chatsopano. XF yokonzedwa idzakhala kiyibodi yachiwiri, yophunzirirapo achinyamata, yopangirapo mabiti, ndi yodalira tsiku lomwe yatsopanoyo yavuta.

Mukasankha Montage 8 yogwirapo ntchito, m'bale wanu asapereke ndalama asanaiyese inu mukuonera pa vidiyo. Agunde kiyi iliyonse mofewa kenako mwamphamvu, onse 88. Akhudze sikirini m'makona onse anayi. Apotokole Super Knob ndi zopotokola zonse 8, akweze ndi kutsitsa ma slider, ayese mabowo a USB, a mahedifoni ndi otulutsira mawu onse. Aone kuti OS ndi 3.5 kapena kuposerapo. Ngati ndi yakale imakwezedwa mwaulere ndi fulashi, koma kukwezako kuchitike pa magetsi odalirika chifukwa akazima pakati chida chitha kufa. Afunse ngati inali ya m'nyumba kapena ya bandi yoyendayenda. Bokosi lolimba lonyamulira muliwerengere pa mtengo, chifukwa ulendo wa pa basi kuchokera ku Johannesburg kudzalowera pa Mwanza kapena pa Dedza si wa katoni. Msonkho wa MRA mufunsiretu musanagule, kuti komiti isadzadzidzimuke chida chili pa chipata. Magetsi a ku South Africa ndi a kuno ndi ofanana mphamvu, pulagi yokha ndi yomwe imasiyana, koma werenganibe chomwe chalembedwa kumbuyo kwa chidacho chifukwa zina zinachokera ku America kapena ku Japan. Ndipo waranti ya M8x yogulidwa ku South Africa imatanthauza kuti ikavuta iyenera kubwerera komweko.

Za masipika ndinazitchula poyamba paja, ndipo ndikuzibwereza dala. Yamaha inakonza zotulutsira mawu mu M kuti zikhale zoyera kuposa za Montage, ndipo pa mahedifoni abwino kusiyanako kumamveka. Pa mikisa yotopa, waya wolumikizalumikiza ndi sipika yong'ambika m'holo ya malata, palibe aliyense mu mpingo amene adzakumve. Montage ndi M zili ndi mabowo a balanced, omwe XF ndi MODX+ zilibe, ndiye gulani mawaya a TRS oyenera kuti phokoso la ng'ung'ung'u lichepe pa mtunda wautali wopita ku mikisa. Ngati mikisa ili ndi malo, lumikizani mawaya onse awiri, L ndi R, chifukwa piyano ya CFX inajambulidwa mwa stereo ndipo imaonda mukaifinyira mu waya mmodzi. Ngati malo ndi amodzi, gwiritsani bowo la L/MONO n'kusankha piyano yomwe ikumveka bwino pa masipika anuwo, osati pa mahedifoni.

Zida zimenezi ndi makompyuta ovala makiyi, ndipo mdani wake wamkulu kwathu kuno ndi magetsi obwerera mwamphamvu atazima, komanso jenereta yomwe ikungoyamba kumene. Ikani UPS kapena stabilizer yabwino (zida zotetezera ku magetsi osakhazikika) pa bajeti yomweyo ya kiyibodi, osati ya chaka chamawa. Magetsi akazima zulani pulagi, jenereta iyambe n'kukhazikika, kenako mulumikize. Muziyatsa kiyibodi kaye, amplifaya pomaliza, ndipo pozimitsa muyambe ndi amplifaya. Mukamaliza kusanja Live Set yanu, sungani fayilo ya Backup pa mafulashi awiri, imodzi ikhale kwa inu, ina kwa mlembi wa mpingo, ndipo kiyibodiyo muziifunditsa nsalu mapemphero akatha, makamaka miyezi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala.